Pepala Lokulungira Usipa

Anabwera Lachitatu lina m'mwezi wa Meyi, chaka cha 1992, ana a sukulu asanaweruke. M'laibulale munali anthu ochepa: bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ankabwera tsiku ndi tsiku kudzawerenga nyuzipepala, ndi atsikana awiri okonzekera mayeso. Ine ndinali pa kauntala, ndikumata ndi guluu buku la masamu limene linathothoka chikuto.

Analowa amuna awiri ovala bwino, opanda yunifomu. Wamkuluyo, wa imvi za m'mbali, anavula chipewa ngati walowa m'tchalitchi. Anayang'ana mashelefu, kenako anayang'ana ine.

"Muli bwanji, mayi? Ndinu amene mumasamala mabuku pano?"

"Ndine wothandizira chabe. Abwana ali mu ofesi."

"Abwana tawaona kale. Tikufuna inuyo. Tangotiperekezani, pali kanthu kakang'ono koti mutithandize. Chikwama chisiyeni, mubwerako pompano."

Aphunzitsi aja sanadzutse mutu. Maso awo sanachoke patsamba la nyuzipepala. Chitseko cha ofesi ya abwana, chimene masana sichinkatsekedwa chifukwa cha kutentha, tsiku limenelo chinali chotseka. Ndinatseka botolo la guluu kuti asaume, n'kuwatsatira.

Ntchito imeneyi sindinaitole panjira. Ndinabadwira m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa boma la Salima. Bambo anga anali msodzi. Nyengo ya usodzi ikatsegulidwa ankapita ku chilumba cha Mbenji n'kukhala komweko miyezi. Amayi ankagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma. Onse awiri sankatha kulemba ngakhale dzina lawo. Ine ndinali woyamba pabanja pathu kumaliza sekondale, ndipo nditamva kuti m'laibulale akufuna wothandizira ndinalemba makalata osatopa mpaka anandiitana ku intaviyu ku Lilongwe. Ndinayamba ndi kupukuta fumbi ndi kudinda masiku obwezera mabuku. Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira manambala a mashelefu, kutayipa makadi, kusoka mabuku ong'ambika, ndi kuzindikira pankhope munthu amene akuchita manyazi kufunsa. Chaka chimenecho anali atandisankha kuti ndikachite kosi ya satifiketi. Amayi atamva anafunsa kuti, "Ndiye udzakhala bwana wa mabuku onsewo?"

Ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Bambo wake anapita kukafuna ntchito kunja, osamvekanso. Choncho amayi anasamukira m'kanyumba kanga ka lendi pa boma kuti azindilerera, ndipo mwanayo ankaswera nawo kumsika.

Panali ntchito ina imene sanaitchule pa intaviyu. Magazini a kunja akafika, kulikulu ankaimba foni n'kutchula masamba oti achoke anthu asanawaone. Abwana ankandiuza manambalawo, ine n'kutenga lula ndi lezala. Masamba odulawo tinkawaika m'katoni, Lachisanu n'kuwatentha mumgolo kuseri, abwana ataima pomwepo ngati mboni. Popanda iwo kutentha kunali koletsedwa. Pakhonde la kuseri pankakhalanso katoni ina ya nyuzipepala zakale zosafunika, ndipo abwana anali atawalola amayi kumatapamo zokulungira usipa. Mu Epulo abwana anapita kwawo kumaliro, nakakhalitsa. Katoni ya masamba odula inadzaza, ndipo makatoni awiriwo anapezeka ali pamodzi pakhondepo.

Ku polisi sanandilowetse pakhomo la anthu onse. Tinazungulira kuseri, m'kachipinda kokhala ndi tebulo, mipando iwiri ndi zenera lopakidwa penti. Bambo wa imvi uja anandilozera mpando. Anatulutsa pepala limodzi m'diroo, n'kuliyala patebulo, akulisalaza ndi chikhatho. Linali lofota, lodzaza madontho a mafuta. Fungo lake linandipeza ndisanawerenge ngakhale liwu limodzi.

"Dzanja lanu ndi labwino, mayi," anatero akutsata m'mphepete mwa pepalalo ndi chala. "Mumadula mowongoka."

Panali chithunzi cha mpanda wa ndende, ndi nkhani ya m'Chingelezi yonena za anthu osungidwa popanda kuweruzidwa m'dziko muno. Ndinalikumbukira. Ndinalidula ndekha.

"Pepala ili layenda kuposa ine ndi inu," anapitiriza. "Linagulidwa ndi usipa mumsika muno. Linakwera sitima. Linafika mpaka ku Chitala, kumene munthu wina ankalimasulira m'Chichewa, anthu atakhala pansi ngati ali pamsonkhano. Pepala lilibe miyendo, mayi. Anakutumani ndani?"

"Palibe anandituma, bwana. Ndinadula chifukwa ndi ntchito yanga. Mmene linatulukira sindikudziwa."

Koma ndinkadziwa. Ndinkawaona amayi m'maganizo mwanga akupinda pepala, akuthiramo mulu wa usipa, akuwonjezera kabasela. Kwa iwo pepala lililonse linali pepala basi. Anali ndi chifuwa chosatha, chimene chinkakula nyengo yozizira, ndipo masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa zimenezi. Akanatengedwa iwo, m'ndende sakanatha mwezi, ndipo mwana wanga akanatsala yekha. Pampando pomwepo ndinatsimikiza kuti za amayi sizituluka pakamwa panga.

Bamboyo anabwezera pepala m'diroo mosafulumira. Akutseka anafunsa ngati mmene munthu amafunsira mnansi wake:

"Amayi anu ali bwanji? Malonda akuyenda?"

"Ali bwino, bwana."

"Tithokoze Mulungu. Ano ndi masiku ovuta kwa anthu achikulire."

Anandiika m'chitokosi. Munali mdima ndi ndowa pakona, ndi amayi ena omangidwa pa milandu ya kachasu, amene atamva kuti wanga ndi mlandu wa pepala anasunthira kutali. M'mawa uliwonse ankandiitana m'kachipinda kaja. Funso linali lomwelo. Bambo wa imvi sanakwezepo mawu, sanandikhudzepo. Akatopa ankaimirira, n'kunena kuti, "Ine ndikamwe tiyi," ndipo m'malo mwake munkalowa mnzake wamng'ono uja. Zimene zinkachitika iwo akumwa tiyi sindilemba zonse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino kuchokera nthawi imeneyo, ndipo panatenga miyezi kuti ndithe kugwira singano.

Tsiku lina anabweretsa abwana anga. Analowa atavala tayi, thukuta lili kamukamu pakhosi. Sanandiyang'ane.

"Ine ndinali kumaliro, bwana," anatero. "Zodula masamba ndi udindo wa mayiwa."

Zinali zoona. Sindinawade nthawi imeneyo, ndipo sindiwada lero. Anali ndi ana pasukulu, ndiponso anali atatsala pang'ono kupuma pantchito.

Kumayambiriro kwa Juni bambo wa imvi anabwera ndi nkhope yofewa. Ananditumizira madzi akumwa m'kapu yagalasi.

"Mayi, inu ndinu munthu wophunzira, tisavutane. Tchulani dzina limodzi lokha. Aphunzitsi aja amene amakhalitsa m'laibulale mwanu, anthu akudziwa kale kuti amamvera mawailesi a kunja. Mukangoti ndi iwo anakupemphani masambawo, lero lomwe mukamuona mwana wanu. Kosi yanu ija mukapitanso. Ikuyamba Seputembala, si choncho?"

Za kosiyo ndinali ndisanawauzepo. Ndinaganiza za mwana wanga, za kanyumba kanga, za satifiketi imene ndinkailota. Ndinaganizanso za aphunzitsiwo, mmene ankapukutira magalasi ndi nsonga ya malaya asanayambe kuwerenga. Sindinganame kuti sindinayesedwe. Pakamwa panatseguka, koma mawu amene anatuluka anali akuti:

"Sanandipemphepo chilichonse, bwana, koma nyuzipepala ya tsikulo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutenga kapu ija.

"Ndiye mwasankha nokha."

Sabata yomweyo ananditengera m'lole yophimbidwa ndi tenti. Tikudutsa pafupi ndi msika ndinasuzumira pakabowo. Ndinaona madengu, njinga, amayi ambiri atavala zitenje, koma anga sindinawaone. Tinayenda tsiku lonse kulowera kummwera. Palibe anandiuza kumene tikupita.

Pachipata cha ndende anatilandira msilikali wamkazi, wonenepa, wa mawu otopa. Ananditengera zovala zanga n'kundipatsa za akaidi.

"Anakugamula zaka zingati?"

"Sindinapite kukhoti."

"Ndiye ndiwe wa aja opanda tsiku. Akuba amawerenga masiku, inu simuwerenga. Amene anakubweretsa akadzakukumbukira adzakutenga."

Za njala, nsabwe ndi nyemba zofumbwa ena analemba kale, ndipo sananame. Chimene ine sindinkachiyembekezera n'chakuti m'mbali yathu munalibe chilichonse cholembedwa. Munalibe buku, munalibe nyuzipepala, ngakhale pepala la sopo. Maso anga ankafunafuna zilembo pakhoma ngati mmene lilime limafunira dzino lozuka. Poopa kupenga, ndinayamba kuyenda m'laibulale mwanga m'maganizo. Ndinkalowa pakhomo, kutembenukira kumanzere, n'kumatchula mabuku shelefu ndi shelefu: a chipembedzo, a malamulo, a zaulimi, a zaumoyo, mpaka a mbiri kumapeto kwenikweni. Ndikaiwala limodzi ndinkabwerera poyambira. Miyezi ikupita, mipata inayamba kuchuluka, ndipo zimenezo zinkandiopsa kuposa chifuwa chimene chinali chitandigwira.

Ndinkagona pafupi ndi mayi wina wachikulire amene anamangidwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, poti chikhulupiriro chake sichinkalola. Anali atakhalamo nthawi yaitali moti asilikali ena anamupeza momwemo. Tsiku lina tikuchapa mabulangete anandimva ndikung'ung'udza.

"Ukupemphera, mwana wanga?"

"Ayi, mayi. Ndikuwerenga mabuku a kuntchito kwanga."

"Nanga ukuwerengeranji wekha? Tigawireko."

Kuyambira pamenepo ndinkamufotokozera nkhani za m'mabuku amene ndinawerengapo, pang'onopang'ono, tikuchapa kapena tikupalira. Pamene ndaiwala ndinkapeka, iye n'kumandigwira: "Dzulo unati mkaziyo anamwalira, lero wauka bwanji?" Ndi iye yekha amene ndinamuuza za amayi ndi usipa. Anangoti, "Wachita bwino. Khala chete." Anadwala m'nyengo ya mvula. M'mawa wina tinabwera kuchokera kumunda n'kupeza mphasa yake itapindidwa, itaimikidwa pakona. Titafunsa, anatiuza kuti tisamafunse zinthu zosatikhudza.

Kuchokera kwathu sikunabwere uthenga uliwonse. Sindinkadziwa ngati amayi anatengedwa ine nditachoka. Chipata chikalira masana ndinkathamangitsa maso kuona amene akulowa, ndikupemphera kuti asakhale iwo.

Chaka cha 1993 chitayamba, zinthu zinayamba kusintha mosadziwika bwino. Asilikali ankanong'onezana, tikayandikira n'kukhala chete. Tsiku lina anatigawira sopo ndi mabulangete atsopano, akuti kukubwera alendo. Alendowo sanafike mbali yathu, ndipo mabulangete anatengedwanso. Kenako msilikali wonenepa uja anandiitanira pambali, kuseri kwa khitchini.

"Iwe wa mabuku, referendamu n'chiyani kwenikweni?"

Ndinamuyang'ana. Sindinathe kudziwa ngati akufunsadi kapena akunditchera.

"Sindikudziwa, mayi."

"Ukudziwa," anatero motsitsa mawu. "Nanga zikasintha, ife adzatitani?"

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti nayenso ali ndi mantha. Sizinandisangalatse. Munthu wamantha wogwira makiyi ndi woopsa kuposa wodzidalira, ndipo masabata otsatirawo anali ovuta kuposa ena onse. Panamveka mphekesera yoti opanda tsiku adzatisamutsa kupita kumene sitidzapezekanso. Galimoto ikaima panja, tonse tinkasiya kulankhula.

Anandiitana ku ofesi mu Julayi, anthu atavota kale kuti akufuna zipani zambiri. Mkulu wa ndende anawerenga dzina langa molakwika, n'kunena kuti, "Boma lakukhululukira. Usakayambirenso." Sindinafunse kuti landikhululukira chiyani. Anandibwezera diresi langa lija, likununkha nkhungu, ndi chikalata chokwerera basi.

M'kanyumba kanga ka pa boma ndinapezamo anthu ena. Anandiuza pakhomo, mosandilowetsa, kuti amayi anabwerera kumudzi kalekale. Nditafika kumudziko ndinawapeza akusankha nkhuni. Anandiyang'ana, nkhuni n'kugwa, iwo n'kukhala pansi pomwepo. Anandigwira akakolo onse awiri. Mwana wanga anabisala kumbuyo kwawo, ndipo atafunsidwa kuti uyu ndani, anati, "Mlendo." Bambo anali ku Mbenji, uthenga unawapeza patapita masiku. Palibe anandifunsa zimene ndinaona, ndipo ine sindinanene.

Nditapezako mphamvu ndinapita kulaibulale. Pa kauntala panali munthu wina, ndipo ndi iye amene anapita kukosi ija. Abwana anandilandira mu ofesi, nandipatsa mpando, maso ali pa fayilo.

"Kulikulu analemba kuti munasiya ntchito osatsanzika."

"Koma munaona mmene ndinachokera, bwana."

"Ndinaona. Koma iwo akufuna kalata ya kupolisi yonena kuti munali m'manja mwawo."

Kupolisi ndinalowa pakhomo la anthu onse. Wapolisi wa pa kauntala anapita mkati, nakhalitsa, n'kubwera ndi yankho lakuti pamalopo sindinasungidwepo. Nditafunsa za bambo wa imvi, anati sakudziwa munthu wotere. Ndinamulozera kachipinda ka kuseri. Anati mmenemo amasungiramo njinga zogwidwa.

Chaka chathunthu ndinkayenda pakati pa Salima ndi Lilongwe, ndikukhala pamabenchi a m'maofesi. Ena ankandimvera chisoni, ena ankati ndibwere sabata yamawa. Pakati pa maulendowo ndinkathandiza amayi kuyanika usipa, poti kumsika wa pa boma anali atasiya kupitako. Chisankho cha 1994 chitadutsa, kulikulu kunabwera anthu atsopano, ndipo mayi wina wa ku ofesi yolemba anthu ntchito anamvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto. Anati zaka zanga zakale sangazibweze, koma malo a wothandizira alipo, ngati ndingalole kuyambira pansi ngati munthu watsopano. Ndinalola.

Ndinapeza tebulo la nyuzipepala litadzaza mitundu yambirimbiri, zina zotukwana akuluakulu patsamba loyamba, anthu akuwerenga poyera. Foni yotchula masamba sinkaliranso. Aphunzitsi aja anali akubwerabe. Tsiku langa loyamba anaima pa kauntala, nandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwabwerako, mayi."

"Ndabwerako, aphunzitsi."

Anatenga nyuzipepala yawo n'kukakhala pamalo pawo. Sindinawauze kuti dzina lawo linali patebulo lija la kupolisi, ndipo anamwalira osadziwa.

Loweruka la sabata imeneyo ndinapita kumudzi kukawauza amayi kuti ndayamba ntchito. Unali m'mawa, dzuwa likuyamba kuwawa, iwo ali pathandala akutembenuza usipa. Ndinaima mbali inayo n'kumawathandiza. Anamvetsera, nagwedeza mutu, kenako anandifunsa:

"Mwana wanga, bwanji sunangowauza kuti ndine?"

Manja anga anaima. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti sakudziwa chimene ndinamangidwira.

"Mumadziwa, amayi?"

"Mumsika nkhani siigona. Tsiku lomwelo anakutenga ndinamva kuti ndi za pepala la usipa. Ndinabereka mwanayu n'kupita kupolisi. Ndinapeza bambo wina wa imvi, waulemu wake. Anandipatsa mpando. Ndinamuuza kuti mapepalawo ndinatenga ndine, pakhonde, mwana wanga sakudziwa kanthu, mutulutseni mutsekere ine."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati, 'Tikudziwa, amayi. Tinadziwa tisanapite n'komwe kukamutenga. Koma nkhalamba yosadziwa kuwerenga tingapite nayo kuti kwa akuluakulu? Pitani kunyumba, mwanayo akumva dzuwa.' Ndinapitanso mawa lake, ndi mkuja wake. Ndinkakhala pakhonde lawo mpaka anayamba kundithamangitsa."

Ndinawerengera m'mutu. Masiku amene amayi ankakhala pakhonde la kutsogolo ndi omwe aja bambo wa imvi ankapita kukamwa tiyi. Pakati pathu panali khoma limodzi kapena awiri. Ine ndinkaluma mano kubisa chinthu chimene iwo ankachidziwa kale, chimene sankachifuna n'komwe.

"Ndinkaopa kuti akutengani," ndinatero.

"Anandikana," anatero amayi, n'kupitiriza kutembenuza usipa.

Ufulu unabweradi, ndipo sindiunyoza. Ndimauona tsiku lililonse munthu akapempha buku lililonse limene akufuna, ine n'kumupatsa osayang'ana kukhomo. Satifiketi ija ndinadzaitenga, ndili wamkulu kuposa anzanga onse m'kalasi. Koma mpaka lero palibe ofesi imene inavomerapo kuti ndinasungidwa, ndipo bambo uja sanafunsidwepo ndi munthu aliyense. Ali kwinakwake m'dziko lomwe lino, mwina akulera zidzukulu. Ndalemba izi kuti pakhale pepala limodzi lonena kuti zinachitika, ndiponso kuti mwana wanga, amene tsopano amawerenga yekha, adzadziwe kumene kunali mayi ake chaka chimene ankakhala pamsana pa agogo ake, padzuwa, pakhonde la polisi.